Magazi Anga, Dzina la Alamu

Ndidabwereketsa magazi anga kanayi. Anthu amabwerekana khasu, njinga, ngakhale jekete lopitira ku ukwati, koma ine ndidabwereketsa magazi, ndipo wobwerekayo adali mlamu wanga, a Twaibu, munthu amene adandisunga pakhomo pake pa famu ina ya kufupi ndi Banket ku Zimbabwe. Ndikayamba kufotokoza nkhaniyi ena amaseka. Ndimawaleka aseke, chifukwa nanenso tsiku loyamba ndidaseka.

Kumeneko ndidapita potsatira achemwali anga, a Esinati. A Twaibu adabadwira pa famu pomwepo. Bambo awo ndiwo adachoka kuno kalekale, wapansi. A Twaibu adabwera kuno ku Dedza kamodzi kokha kudzafunafuna mudzi wa bambo awowo. Mudziwo sadaupeze, m'malo mwake adapeza achemwali anga pa chigayo, ndipo mpaka imfa yawo ankanena kuti adasochera bwino. Adakwatirana, achemwali adalowa Chisilamu, n'kupita nawo. Patapita zaka, chimanga chitatikanika kawiri motsatizana, adanditumizira mawu kuti ndileke kuyang'ana kumwamba, ndibwere kudzagwira ntchito. Ndidakwera basi yodzera ku Tete, n'kutsikira ku Mbare, mu Harare, mutu uli zweee ndi phokoso, kenaka minibasi, imene iwo amati kombi, mpaka ku Banket. A Twaibu adandichingamira pa msewu ndi njinga yopanda mabuleki.

Nyumba za antchito ankazitcha komboni. Anthu ake ambiri adali a Phiri, a Banda, a Mwale, adzukulu a anthu ochokera kuno ndi ku Mozambique, koma ambiri mwa iwo kwawoko sadakuoneko. Chichewa chawo chidali chosakaniza. Ntchito ankati basa, magazi ankati ropa, ndipo changa ankachiseka kuti ndimayankhula ngati ndikuwerenga m'tchalitchi. A Twaibu sankanditchula dzina. Ankangoti tsano, ndiko kuti mlongo wa mkazi wako m'Chishona.

Pa komboni padali nyumba za mitundu iwiri. Zambiri zidali zamitengo zomata dothi, zofolera ndi udzu ndi mapulasitiki akale. Koma pafupi ndi mpopi padali mzere wa nyumba zisanu ndi imodzi za njerwa, zamalata, zipinda ziwiriziwiri. Zimenezo zidali za gulu lopopera mankhwala m'minda, ndipo imodzi idali ya alamu anga. Achemwali ankaikolopa nyumbayo ngati adamanga okha. Adadzala maluwa m'zitini, adapachika makatani. Munthu wokulira m'nyumba yodontha ndiye angamvetse. Apongozi awo, Abiti Saidi, ankakhala ndi mwana wawo wamkazi kumunsi kwa komboni, n'kumagulitsa mandasi ndi matemba. Mayiwa sadawalandire achemwali anga ndi manja onse awiri. Ankawatcha mkazi wakumudzi, ndipo ankati akazi akumudzi amadziwa mitengo yambiri.

Ine adandilemba ntchito ya nkhuni. Famuyo inkalima fodya ndi zitheba zopita kunja. Ndinkatuta nkhuni, kuwaza, ndi kusonkhezera moto m'mabalani oumitsira fodya. Manja anga adadzaza zipsera ndi ming'alu, koma mwezi ukatha kanthu kankafika kwa amayi kumudzi, ndipo zimenezo zinkandikwanira. Alamu anga ankadzuka m'mawa n'kukabereka pampu. Adapatsidwa ovololo, magambutsi ndi chophimba kumphuno, zoona, koma dzuwa la kumeneko likafika pamutu chophimbacho munthu sungapume nacho. Onse asanu ndi mmodzi ankangochilendeweretsa m'khosi ngati mkanda. Akaweruka ankapatsidwa mkaka, ati umatsuka mankhwala m'thupi. Wa alamu anga unkamwedwa ndi ana awo atatu.

Adali munthu wanthabwala. Mowa sankamwa, koma pa bwalo la mowa anthu ankawaitana kuti adzangowaseketsa. Ankakonza mawailesi ndi mpeni wa kukhitchini. Nditadwala malungo chaka changa choyamba, ndiwo adandibereka kumsana mpaka pa msewu, akundinyoza njira yonse kuti munthu wowonda chonchi ndikulemera ndi machimo. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti sindidachite zimene ndidachitazo kwa munthu wachilendo.

Azungu akunja ogula zithebazo ankafuna mapepala osonyeza kuti antchito amapimidwa. Ndiye mwini famu adapangana ndi kampani ina ya ku Harare yopima antchito. Kawiri pa chaka kunkabwera galimoto yoyera, n'kukhoma tenti pansi pa mtengo pafupi ndi ofesi. Tonse ankatipima chifuwa, maso ndi kuthamanga kwa magazi. Opopera okha ndiwo ankatengedwanso magazi pamkono, tsiku lawo lapadera. Anamwino ankafotokoza bwino lomwe, ndisawanamizire. Ankati mankhwala am'munda amalowera pakhungu pang'onopang'ono, n'kumadya kanthu kena ka m'magazi kamene kamatchinjiriza thupi. Kanthuko kakachepa, munthu ayenera kusiya pampu masabata angapo kuti kabwerere. Akapitiriza, tsiku lina madontho ochepa chabe akhoza kumugwetsa. Ankatinso nkhani ya mkaka ija ndi yabodza, koma pamenepo tonse tinkangomwetulira.

Malangizo adali abwino, koma tonse tinkadziwa zimene zidachitikira a Jailosi. Bambo amenewo adali m'gulu lopopera ine ndisadafike. Magazi awo atapezeka otsika, adauzidwa kuti akapumule ku ntchito yopalira. Pampu adapatsa wina. Wolandira pampu adayeneranso kulandira nyumba, ndiye a Jailosi adasamukira ku kanyumba kadothi kumapeto kwa komboni. Nyengo itatha, dzina lawo silidalembedwenso. Palibe adawachotsa ntchito, ayi, adangowapumitsa mpaka adasowa. Kuyambira pamenepo, opopera ankaopa singano ya anamwino kuposa mankhwala amene ankabereka kumsana.

M'chaka changa chachitatu alamu anga adayamba kusintha. Mutu unkawapweteka masana alionse. Ankatuluka thukuta ngakhale m'mawa kukuzizira, chikope chinkawagwedera chokha, ndipo akanyamula kapu ya tiyi, tiyi ankatayikira. Iwo ankaseka kuti dzanja likuvina lokha poti mwini wake alibe nthawi. Achemwali sankaseka. Tsiku lina adandibweretsera chakudya chamasana ku mabalani, chinthu chimene sankachita, n'kukhala pa chipika kudikira kuti anzanga atalikire.

"Achimwene, galimoto ija ikubwera Lachinayi. Alamu anu sadutsa."

Ndidati mwina adutsa, Mulungu alipo.

"Inu mumagwira nkhuni basi. Magazi anu ngoyera. Mungotenga khadi lawo mukalowe."

Apa ndi pamene ndidaseka. Koma achemwali adali atalingalira zonse. Anthu ambiri pa komboni adalibe chitupa cha boma, choncho anamwino ankangoyang'ana khadi la pa famu, lopanda chithunzi, ndi mndandanda wa maina wochokera ku ofesi. Anamwinowo ankasinthasintha, obwera lero sabwera ulendo wamawa. Kwa iwo tonse tidali a Phiri ovala maovololo. Ndidafunsa ngati eni ake dzina akudziwa. Adati adziwa madzulo.

Alamu anga adakana. Adati bodza ndi haramu, munthu sungapemphere kasanu pa tsiku n'kumatuma mnzako kukakunamira. Achemwali sadakangane nawo. Adangowafunsa kuti ana atatuwa akagona kuti mvula ikayamba, kodi m'nyumba ya a Jailosi ija idagwa kale. Lachinayi m'mawa ndidapeza khadi ndi ovololo zili pa mpando. Eni ake adali atatuluka kale, osafuna kuti tionane maso.

Ndidapita ku tenti. Ndinkaganiza kuti opopera anzawo andiulula, koma adangosendera kundipatsa malo pa benchi. Foromani, kapitawo wa gululo, adandiona, n'kuyamba kufunafuna kanthu m'thumba mwake. Nditayang'ana bwino pa benchipo ndidaona mlonda wa pa geti atavalanso ovololo ya munthu wina. Pamenepo ndidadziwa kuti nzeruyi siidayambire kwa achemwali anga. Idali kale njira yogwirira ntchito, chinsinsi cha amuna asanu ndi mmodzi ndi foromani wawo, chimene ngakhale amayi awo owabereka sankachidziwa. Namwino adafunsa dzina, ndidati Twaibu. Adafunsa ngati mutu umandipweteka, ndidati ayi. Adabaya, adalemba pa kabotolo, ndidatuluka.

Zotsatira zitabwera, foromani adawerenga pamaso pa gulu kuti, "Twaibu, ropa rako rakachena," kutanthauza kuti magazi ngoyera. Achemwali adapha nkhuku. Ndisabise, ndidanyada. Ndidadya nkhukuyo ndikumva kuti nanenso ndine munthu wofunika pakhomopo, osati mlendo wongomaliza ufa.

Ulendo wachiwiri ndi wachitatu sindidaopenso. Ndidafika pomacheza ndi anamwino. Alamu anga nawo adazolowera, mpaka adasandutsa nkhaniyo nthabwala. Akandiona ndikupita ku bwalo la mowa ankandikuwira kuti, "Tsano, usathire kachasu m'ropa langa!" Anthu ankaseka osadziwa chimene akuseka. Koma munthuyo ankatha tikumuona. Lamba adaboola mabowo atsopano. Wailesi adasiya kukonza chifukwa timawaya sankationanso bwino. Mwezi wosala kudya ankapopera tsiku lonse osameza ndi dontho la madzi lomwe, madzulo n'kumakanika kudya chifukwa cha nseru. Ine ndinkaona zonsezi, koma pepala likati munthu ali bwino, mtima umapeza pobisala.

Kutatsala masiku ochepa kuti galimoto ibwere kachinayi, alamu anga adandipeza ndikuwaza nkhuni. Adakhala pansi, n'kuvula magambutsi.

"Tsano, basa limeneli likundidya. Ulendo uno ndilowe ndekha, andipumitse."

Mawu amenewa ndimawamvabe. Munthuyo adapeza yekha khomo lotulukira, ndipo amene tidatseka ndife. Ndidakawauza achemwali. Adalira kuti mitambo yayamba kale kusonkhana, ana ali pakati pa sukulu, bwanji angopirira nyengo ino yokha, mvula ikatha tidzaone pothawira. Ine ndemwe ndidabwerera kwa alamu ndi mwambi pakamwa, kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, nyumba muli nayoyi musaitaye chifukwa cha mutu wopweteka. Adandiyang'ana, n'kumwetulira pang'ono, n'kunena kuti ndaphunzira kuyankhula. M'mawa mwa tsikulo khadi lidali pa mpando.

Namwino wa ulendo umenewo adali mayi wachikulire wa magalasi, wosafulumira. Adandifunsa mafunso onse, ine n'kumayankha kuti ayi, ayi, monga mwa masiku onse. Atamanga chingwe pamkono sadabaye. Adatembenuza dzanja langa n'kuyang'ana zipsera.

"Sekuru, maoko aya ndeemoto," adatero, kunena kuti manja awa ndi a munthu wogwira moto. Adapitiriza m'Chishona chapang'onopang'ono kuti ndimve. Adati wapima opopera zaka zambiri, ndipo sadaonepo wa manja otere, kapena wopopera zaka zonsezi wosamvako mutu ndi tsiku limodzi lomwe. Adati iye si wapolisi, ndipo sakandinenera kwa mwini famu. "Singano yanga imangodziwa mkono umene wabwera. Ngati mwini dzinali ali panja, kamuitaneni, ndidikira."

M'tentimo tidali awiri okha. Alamu anga adali m'nyumba, mtunda woti munthu akhoza kuitana ndi pakamwa. Ndidaganiza za achemwali, za makatani awo, za foromani ali panja. Ndidamuyang'ana mayiyo m'maso muli gwa, n'kunena kuti, "Ndine Twaibu." Adapumira m'mwamba, n'kubaya.

Sipadathe masabata awiri. Tsikulo kudatentha kwambiri, ndipo alamu anga ankapopera zitheba. Paipi ya pampu yawo idang'ambika pang'ono, mankhwala n'kumatsikira kumsana. Anzawo adanena pambuyo pake kuti zoterezi zinkachitikira aliyense, munthu unkangomaliza thanki n'kukasamba. Iwo thankiyo sadamalize. Mmene uthenga unkandipeza ku mabalani, adali atawagoneka pa ngolo ya thirakitala, thovu lili kukamwa, thupi likugwedezeka, ana a m'maso atachepa ngati nsonga ya singano. Ndidawagwira mutu mpaka ku ofesi, kenaka m'galimoto mpaka ku chipatala cha m'tauni. Adatisiya m'mawa mwake osanena kanthu. Dokotala adati ndi chiphe cha mtundu wa mankhwala am'munda, koma adaonjeza kuti chiphe chotero anthu amasunganso m'nyumba chophera makoswe, ndipo iye sangadziwe kuti chidalowa bwanji.

Tidawaika tsiku lomwelo monga mwa mwambo wa Chisilamu. Ine Mkhristu ndidathandiza kukumba, n'kuima kumbuyo pamene anzawo ankapemphera. Tsiku lotsatira mwini famu adabwera pa komboni ndi kalaliki wake atanyamula faelo. Adapepesa, adapereka thumba la ufa, kenaka kalaliki adawerenga mokweza kuti malemu adapimidwa kanayi m'zaka ziwiri, komaliza masiku apitawa, ndipo nthawi zonse magazi awo adali oyera ngati a munthu wosakhudza mankhwala. Adati munthu wa magazi otere sangafe ndi madontho a paipi, choncho imfayi siyochokera ku ntchito. Ine ndidaima pamenepo, chipewa chili m'manja, kumvetsera anthu akutamanda magazi anga pa maliro a mlamu wanga.

Abiti Saidi sankadziwa kuwerenga, koma kuganiza ankatha. Dokotala wati chiphe. Pepala la azungu lati si cha kuntchito. Nanga munthu amadyera kuti? Pofika madzulo komboni yonse idali itamaliza kuweruza. Akazi ankati akaona achemwali akubwera ku mpopi, ankanyamula ndowa zosadzaza n'kuchoka. Ana a eni nyumba zoyandikana adaletsedwa kulandira kanthu m'manja mwawo. Achemwali awo a malemu adalowa m'nyumba n'kutulukamo ndi kapaketi ka mankhwala a makoswe, kamene nyumba iliyonse pa komboni idali nako, n'kukayenda nako akukaonetsa anthu. Achemwali anga sadadziteteze. Adangokhala pa mphasa atafunda nsalu, maso ali pakhoma, ndipo anthu adati mwaona, akusowa chonena.

Foromani adanditsekera njira kuseri kwa mabalani. Sadandiopseze ndi ukali, adayankhula ngati munthu wopempha. "Ukataura, tese tapera," adatero, ndiko kuti ndikayankhula tonse tatha. Adati wakufa wapita, koma pali mabanja asanu m'nyumba za njerwa zija, ndipo nkhani za ufiti pa komboni zimazirala zokha. Ndidagwira njakata. Kukhala chete kudali kupereka mlongo wanga, kuyankhula kudali kugwetsa madenga a anthu amene adandisenderapo pa benchi. Ndidakhala chete masiku awiri, ndipo manyazi a masiku awiri amenewo ndikadali nawo.

Tsiku lachitatu kudali sadaka ya malemu. Anthu atadya, a shehe ndi akuluakulu adakhala pansi pa mtengo, ndipo Abiti Saidi adanena pamaso pa onse kuti m'mawa akupita ku polisi ndi kapaketi kaja, ana atatuwo awatenga, mkazi wakumudziyu akafotokoze komweko chimene adathira m'chakudya. A shehe adafunsa achemwali ngati ali ndi mawu. Sadadzutse mutu. Ndidayang'ana opopera asanu aja. Aliyense adali kuyang'ana zala za kumapazi kwake. Sindikudziwa kuti ndidaimirira bwanji.

"Magazi a m'mapepala aja ndi anga. Alamu sadapimidwepo zaka ziwiri. Ndinkalowa ndine ndi khadi lawo."

Ndidafotokoza zonse, za khadi lopanda chithunzi, za mutu ndi kunjenjemera, za namwino amene adandipatsa mpata ine n'kuukana. A shehe adafunsa kuti, "Adakutumani ndani?" Achemwali adali pafupi, ndinkaona mapazi awo atatulukira kunsi kwa nsalu. Ndidati palibe, ndidaganiza ndekha, ndipo alamu adavomera mokakamizika.

Ndinkayembekeza kuti Abiti Saidi andilumphira. Bola akadatero. Adandiyang'ana, n'kufunsa motsitsa mawu ngati akufunsa njira.

"Ndiye mwana wanga akudwala, iwe n'kumakachira m'malo mwake?"



Nkhani idafika ku ofesi tsiku lomwelo. Galimoto yoyera idabweranso nyengo yake isadakwane, ulendo uno ndi makina ojambulira nkhope, ndipo kalaliki adaima pakhomo pa tenti kuloza munthu aliyense. Atatu mwa asanu aja adapezeka ndi magazi otsika kwambiri. Adawapumitsa, ndipo nyumba zawo zidapita kwa ena monga zidachitikira a Jailosi. Mmodzi adandilavulira malovu pamapazi. Mkazi wa wina adabwera kudzandifunsa ngati ndikudziwa kufolera nyumba, poti ndine wodziwa kugwetsa. Mwina ndidawapulumutsa moyo amuna atatuwo, mwina ndidangowasowetsa pogona. Palibe adabwera kudzandiuza kuti ndi ziti. Foromani adatsitsidwa udindo, ine adandichotsa ntchito. Za chipepeso cha malemu adati nkhani yavuta popeza mapepala ake ndi achinyengo, ndipo tidachoka isadathe.

Abiti Saidi sadapite ku polisi. Nyumba ya njerwa itatengedwa, adawatenga achemwali ndi ana kukakhala nawo mpaka miyezi ya kulira itatha. Sadapepese ndi pakamwa, koma tsiku lonyamuka adawapatsa nsalu yatsopano ndi jumbo la mandasi, n'kulola ana kuti apite ndi mayi wawo. Ine sadandipatse moni, ndipo sindidawaimbe mlandu.

Kumudzi tidapeza amayi atakalamba kuposa mmene mawu awo a pafoni ankamvekera. Munda wanga udali m'manja mwa msuweni wanga, amene adadabwa kuti ndabweranso. Ana a achemwali ankasekedwa kusukulu chifukwa chonena kuti sadza ndi basa m'malo mwa nsima ndi ntchito, wamng'onoyo mpaka adasiya kuyankhula pagulu. Nkhani nayo idatitsogolera, koma idafika itapindika. Abale ankadziwa kuti ine ndidachita zachinyengo zimene zidaphetsa mlamu wanga, basi. Pa maliro ndi pa maukwati ndinkaona anthu akutsinana. Achemwali ankamva zonsezi, osakonza ndi liwu limodzi lomwe.

Zimenezo zidandiwawa, ndinene zoona. Sindinkafuna kuti aulule, ndidabisa ndekha dzina lawo ndipo ndikadabisanso. Ndinkangofuna kuti tsiku lina, tili awiri, anene kuti achimwene mudandiombola. Chaka chidatha, china n'kutha. Tinkalima dimba limodzi, tinkakambirana za mbewu, za sukulu ya ana, za matenda a amayi, koma dzina la a Twaibu silinkatuluka. Mtima wanga udayamba kuwasungira chakukhosi. Ndinkati munthu uyu ngosayamika.

Tsiku lina tikupalira m'dimba, ndidalephera kupirira. Ndidaimika khasu n'kuwafunsa ngati amakumbukirako zimene ndidachita pansi pa mtengo paja. Adapitiriza kupalira mpaka kumapeto kwa mzere, n'kuwongola msana.

"Ndimakumbukira tsiku lililonse. Mukadangokhala pansi, achimwene."

"Akadakumangani."

"Akadandimanga, inde." Adapukuta thukuta ndi nsonga ya mpango. "Amayi aja ankati ndapha mwamuna wanga. Adangolakwitsa njira yake. Inu mudandichotsera mlandu wabodza, n'kundisiyira weniweni woti ndilibe kokaunena."

Ndidatsegula pakamwa kuti ndiwatsutse, koma mawu onse amene ndikadawatonthoza nawo adali omwe ine ndakhala ndikulephera kudzitonthoza nawo. Adawerama n'kuyamba mzere wina. Nanenso ndidatola khasu langa.